Ndani amalipira maphunziro ndi ziphaso za alonda a mfuti m'sukulu za ku America?

Abale anga odziwa za sukulu za ku America, ndithandizeni chonde. Ana 19 ndi aphunzitsi awiri ataphedwa ndi mfuti pasukulu ina ya m'tauni ya Uvalde ku Texas mu 2022, boma la Texas linakhazikitsa lamulo mu 2023 loti pasukulu iliyonse ya boma pazikhala mlonda wa mfuti. Panthawiyo linaika madola 15,000 pa sukulu ndi madola 10 pa mwana aliyense. Ndalama zimenezo sizingakwane ngakhale malipiro a munthu mmodzi pachaka, nanga mfuti, zipolopolo zoyeserera ndi inshuwalansi?

Chomwe chikundivuta kwambiri ndi maphunziro. Ku Florida, munthu wina atawombera ndi kupha anthu pasukulu ina ya mumzinda wa Parkland mu 2018, wogwira ntchito pasukulu amaphunzira maola 144 asanaloledwe kunyamula mfuti, pomwe marshal wa ku Texas (wogwira ntchito pasukulu wololedwa kunyamula mfuti) amaphunzira maola 80. Chiphaso chikatha ntchito, amalipira kuchikonzanso ndani? Nanga wophunzitsidwayo akasiya ntchito pakati pa chaka, sukulu imayambiranso ndi thumba lake? Nkhawa yanga ndi yoti ndalamazo zikuchotsedwa pa mabuku ndi aphunzitsi, makamaka m'sukulu zing'onozing'ono zakumidzi.

Amene munaonapo bajeti ya sukulu zotere, ndalamazi amazilemba pati?