Ndingadziwe bwanji makilomita enieni a Hiace yochokera ku Japan?

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Munthu wina kuno ku Lilongwe akugulitsa Toyota Hiace ya 2012, ya dizilo, yomwe inalowa kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Mita ikuonetsa makilomita 89,000, koma chiwongolero chinasalala, labala ya pa buleki inadyeka, mpando wa dalaivala nawo unafwifwa. Galimoto yantchito ya zaka zonsezi n'kuyenda pang'ono chonchi? Mtima wanga ukukana.

Ndikudziwa kuti pa export certificate, chikalata chotulutsira galimoto ku Japan, pamalembedwa makilomita omwe galimoto inali nawo pomwe inkayezedwa ndi boma kumeneko. Wogulitsayo akuti pepalalo linatsala kwa ejenti wake, m'malo mwake wanditumizira chithunzi cha auction sheet (pepala la ku okushoni ya ku Japan lofotokoza momwe galimoto ilili ndi makilomita ake) pa WhatsApp, chosaoneka bwinonso. Pepala lotere ngakhale mwana atha kulisintha pa kompyuta.

Kodi ndi nambala ya chasisi yokha ndingapeze mbiri yake ya ku okushoni? Amene munayesapo, munadzera kuti ndipo munalipira zingati? Nanga makaniki wokhala ndi makina a diagnosis angathe kuona ngati mita inabwezedwa m'mbuyo? Ndikufuna izikanyamula anthu pa msewu wa Mchinji, ndipo ndalama zake ndi zangongole.