Kodi paipi yamadzi ingapirire Yagi pansanja ya mamita 15?

Akuluakulu a mawailesi a amateur, ndithandizeni maganizo. Nsanjayi ili ndi mawaya atatu oikoka kuti isagwe pa mamita 7, ena atatu pa mamita 14, zikhomo zili mamita 12 kuchokera patsinde. Yagi yake (eriyo ya wailesi yoloza mbali imodzi) imagwira mphepo pamalo okwana theka la sikweya mita. Mphepo ya makilomita 120 pa ola imaikankha ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 35, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi.

Chondidetsa nkhawa ndi paipi yamadzi ya mamilimita 50, yonyamula Yagiyo, yotuluka mamita 2 pamwamba pa beringi (chogwira paipiyo kumsonga kwa nsanja kuti izitha kuzungulira). Mapaipi otere amapindikira paberingi pomwepo. Kodi nditsitse Yagi ikhale theka la mita pamwamba pa beringi, kapena ndigule chitsulo chokhuthala? Nanga mawayawo, kuwakunga 10 peresenti ya mphamvu imene angadukire kukwanira?