Ana asankhidwa kupita ku yunivesite koma ndalama palibe

Nachisale: Akuluakulu, kwathu ku Ntchisi kuli ana amene anakhoza bwino MSCE ndipo asankhidwa kupita ku LUANAR ndi ku Mzuni, koma makolo awo alibe ndalama. Kodi gulu lathu liyambire pati?

Mphunzitsi Wopuma: Mayi, yambani ndi kuwathandiza kupempha ngongole ku bungwe la boma lothandiza ophunzira a m'mayunivesite la Higher Education Students' Loans and Grants Board, chifukwa ana ambiri akumudzi amaphonya mwayi umenewu posowa intaneti ndiponso munthu wowalongosolera.

Bambo a Chisomo: Ngongoleyo payokha siikwanira, pakuti mayendedwe, malo ogona, chakudya ndi laputopu n'zimene zimabweza ana kumudzi. Mukasonkha fizi, muzilipira ku akaunti ya sukulu, osati m'manja mwa munthu.

Nachisale: Zikomo kwambiri abambo. Loweruka likudzali tikumana ndi anawo pamodzi ndi makolo awo.