Funso: magazi a kafukufuku wa mapuloteni ochokera kuchigwa tiwasunge bwanji asanapite ku labu yakunja?

Wofunsa: Akuluakulu a m'gulu muno, ndigawireni nzeru. Tikukonza kafukufuku wa malungo a ana ku Ngabu ndi ku Nsanje. Magazi adzapita kwa anzathu a ku Cape Town omwe ali ndi makina a mass spectrometry (oyezera ndi kuzindikira mapuloteni), kuti akaone mapuloteni amene amasintha mwana akadwalika. Dzuwa la Okutobala kuno mukulidziwa, limapyola madigiri 40, magetsinso ndi ozimazima. Tisunge bwanji, nanga mgwirizano tiuyambire pati?

Wa m'labu: Achimwene, ntchito yonseyi imakoma kapena kuwonongeka m'maola awiri oyamba. Tengerani magazi m'machubu a EDTA (mankhwala oletsa magazi kuundana), a kachivindikiro kapepo aja. Tembenuzani chubu mofatsa ka 8 kapena ka 10, osakhutchumula. Maola awiri asanakwane, zungulitsani pa centrifuge (makina olekanitsa maselo ndi madzi a magazi) pa 2,000 g kwa mphindi 10. Potunga plasma (madzi a magazi otsala pamwamba) siyani theka la sentimita pamwamba pa kamzere koyera ka pakati pa plasma ndi maselo ofiira, chifukwa mukakakhudza mwatenga ma platelet (timaselo toundanitsa magazi), ndipo mapuloteni ake adzaoneka ngati ndi a matenda. Gawani m'timachubu ta 0.5 ml titatu kapena tinayi, kuti kalikonse kadzasungunulidwe kamodzi kokha.
Magazi osazungulitsa musawagoneke pa ayisi. Maselo ofiira akaphulika, haemoglobin (puloteni yofiiritsa magazi) imadzaza mu plasma n'kuphimba mapuloteni opezeka pang'ono. Kukoka jekeseni mwamphamvu pa singano yopyapyala kumachitanso zomwezo. Vuto lake n'lakuti malungo aakulu nawonso amaswa maselo ofiira, ndiye lembani maonekedwe a plasma, nthawi yotengera ndi nthawi yozungulitsira pa chubu chilichonse. Popanda zimenezi palibe adzasiyanitse matenda ndi dzanja la wotenga magazi.

Woona zonyamula: Plasma imafuna kuzizira kwa madigiri -80. Bokosi la katemera limangosunga pakati pa 2 ndi 8, silikwanira. Firiji ya -20 ingathandize masiku ochepa, koma isakhale yosungunula yokha madzi oundana. Chodalirika ndi dry shipper ya liquid nitrogen (chotengera chozizira kwambiri chonyamulira zitsanzo): mukaidzaza bwino ku Blantyre imagwira masiku angapo osafuna magetsi, ndipo mvula ikadula msewu wa ku Bangula simugona ndi nkhawa. Dry ice (mpweya wa carbon dioxide woundana) ndi -78.5, koma imatha makilogalamu angapo pa tsiku, ndipo bokosi lake musalitseke kothina, lingaphulike. Pokweza ndege, zitsanzo zimakutidwa katatu n'kulembedwa nambala yozindikiritsa katundu, UN3373, dry ice UN1845.

Wofunsa: Zikomo bambo. Ana osadwala oyerekezera nawo tingawatengere ku Blantyre komweko, poti n'kufupi ndi firiji?

Wowerengera zotsatira: Ayi ndithu, pamenepo m'pomwe ambiri amagwera. Odwala akachokera ku Nsanje, makilomita oposa 150, osadwala n'kuchokera pakhomo pa labu, makinawo adzakuonetsani kutalika kwa ulendo, inu n'kumati mwapeza chizindikiro cha malungo. Onse achokere malo amodzi, machubu amodzimodzi, nthawi yodikira yofanana. Uzaninso a ku Cape Town asakanize ndondomeko yolowetsera m'makina, osati odwala lero, osadwala mawa. Afunseni ngati amachotsa puloteni ya albumin, poti yokhayo ndi pafupifupi theka la mapuloteni a mu plasma.

Wa za chilolezo: Chubu chisatuluke m'dziko popanda chilolezo cha NHSRC (komiti ya dziko yovomereza kafukufuku wa zaumoyo) kapena komiti yovomereza kafukufuku ya ku KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences), komanso Material Transfer Agreement (mgwirizano wotumizirana zitsanzo) yosainidwa mbali zonse. Fomu ya makolo inene poyera kuti magazi apita kunja, ndipo kuchigwako ikhalepo ya Chisena. Mumgwirizanomo lembani kuti mafailo osakonza ochokera m'makina mudzalandira inunso, osati tebulo lomaliza lokha. Kuti zotsala zidzabwezedwa kapena kuwonongedwa. Ndi kuti maina a olemba pepala adzasanjidwa motani. Magazini ambiri a sayansi amafuna mafailowo aikidwe pa PRIDE, nkhokwe ya pa intaneti yotseguka kwa onse ya bungwe la EMBL-EBI, ndiye pasakhale dzina la mwana kapena mudzi wake. Pemphaninso kuti wophunzira mmodzi wa kuno akagwire nawo ntchito yodula mapuloteni ndi trypsin (enzayimu yowadula tizidutswa) ndi kuwerenga zotsatira, ndipo ndalama zake zilowe mu bajeti pano, osati pepala litatuluka.