Thandizeni: bambo anga kapu akuiona koma dzanja likugwa pambali

Membala wobisa dzina: Adimini ndibiseni. Ndili ku Santhe. Bambo anga ali ndi zaka 67, mlimi wa fodya, munthu amene ankasoka fodya mpaka kachisisira osaphonya tsamba. Pano mukawapatsa tiyi kapu akuiona bwinobwino, mpaka kunena kuti "mwandipatsanso yobenthuka ija," koma akati aitenge dzanja likugwa pambali. Pa nsima, mbamu ikukathera pamphasa mbale ya ndiwo ili pomwepo. Achimwene ali ku Joni chitumizireni ndalama ndi chaka chatha, koma pa WhatsApp ndiwo olamula. Alamu anga akuti ndi zaanthu chifukwa cha mkangano wa malire a munda. Ndinagula magalasi pamsika, ndalama yangolowa m'madzi. Feteleza sitinagule. Kodi ndi ng'ala? Mankhwala ake ndi ati?

Fizio wa pa Boma: Mayi, zayamba liti? Mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono? Dzanja liti, ndipo akuphonya zinthu za mbali iti? BP anayezetsa?

Aphunzitsi a Bayoloje: SI NG'ALA IYI. Tamverani. Diso limangonena kuti kapu ili potani kuchokera pomwe munthu akuyang'ana. Dzanja silingayende ndi uthenga umenewo wokha. Ubongo uyenera kuwonjezapo komwe maso atembenukira, momwe mutu wakhalira pakhosi, ndi pomwe dzanjalo lili nthawi imeneyo. Masamu amenewa amachitikira mu posterior parietal cortex, kumtunda chakumbuyo kwa mutu. Maso amadumpha pafupifupi katatu pa sekondi, ndiye masamuwo amakonzedwanso nthawi ndi nthawi. Pamenepo pakawonongeka, munthu amaona koma dzanja limasochera. Dzina lake ndi optic ataxia, dokotala wa ku Hungary, Rezső Bálint, anailongosola mu 1909. Kapu yobenthuka akuizindikira chifukwa zomwe maso aona zimayenda njira ziwiri mu ubongo, monga analembera akatswiri a ubongo Goodale ndi Milner mu 1992: yam'munsi imauza munthu kuti ichi n'chiyani, yam'mwamba imatsogolera dzanja.

Wa Maso ku Mtunthama: Aphunzitsi, mwamaliza kale mlandu wodwala simunamuone. Diso limodzi likafa, munthu amalakwitsa kutalika kwa chinthu, amathira tiyi pambali pa kapu. Palinso hemianopia, theka la zomwe munthu amaona limazima m'maso onse awiri. Achemwali, khalani moyang'anizana nawo, mita imodzi. Atseke diso limodzi, ayang'ane mphuno yanu, inu gwedezani zala kumanja, kumanzere, m'mwamba ndi m'munsi. Anene akaona. Kenako diso linalo.

Kabaza Original: Kwathu ku Chinkhoma matenda amenewa amagwira anthu ambiri ndalama za fodya zikangotuluka 😂

Anamwino Opuma: Wakabaza akuseka koma wakhudza mfundo. Mowa wa zaka zambiri umawononga cerebellum, kaubongo kakang'ono ka kunkhongo. Kusiyana kwake: auzeni akhudze mphuno yawo kenako chala chanu, mobwereza. Ngati ndi cerebellum dzanja limanjenjemera kwambiri likamayandikira, limapitirira, ndipo kayendedwe kamakhala kadzandidzandi.

Aphunzitsi a Bayoloje: Ndiye n'zomwe ndikunenazo. Wa optic ataxia mphuno yake, khutu lake amakhudza bwinobwino ngakhale atatsinzina, chifukwa thupi lake akulimva. Vuto ndi chinthu chakunja. Muyese chonchi: ayang'ane nkhope yanu, supuni muigwire chapambali, aitenge osatembenuza maso. Aphonya kwambiri, zala sizitseguka molingana ndi supuniyo. Akaiyang'ana mwachindunji zimachepa. A Maso, yezani maso anuwo mupeza ali bwino.

Fizio wa pa Boma: Nonse mwadumpha neglect, yomwe imapezeka kawirikawiri kuposa optic ataxia. Sitiroko ikagunda mbali ya kumanja ya ubongo, munthu amatha kuiwala dziko la kumanzere ngakhale maso ali bwino. Amadya theka la mbale, amameta ndevu tsaya limodzi, amagunda mphuthu ya chitseko ndi phewa lamanzere. Lembani mzere wa masentimita 20 papepala, aike chizindikiro pakati. Chikapendekera kwambiri kumanja, ndi yomweyo. Ajambulenso wotchi, manambala onse amaunjikana mbali imodzi.

Aphunzitsi a Bayoloje: Ngati ndi neglect pali magalasi a prism! Katswiri wa ubongo Rossetti ndi anzake ku Lyon, ku France, mu 1998 anaveka odwala magalasi osuntha zinthu madigiri 10 kumanja, n'kuwalozetsa zinthu kokwana ka 50. Atavula, dzanja linayamba kulowera kumanzere komwe kunaiwalika.

Wa Maso ku Mtunthama: Ku Santhe prism akaipeza kuti? Kafukufuku wotsatira sagwirizananso kuti phindu lake limakhalitsa. Apamsika aja ndi owerengera basi.

Aphunzitsi a Bayoloje: Kusapezeka sikutanthauza kuti anthu asadziwe.

Anamwino Opuma: Mukukangana mkulu ali pamphasa! Mwanawe, ngati izi zinabwera tsiku limodzi, itenge ngati sitiroko, upite nawo ku chipatala cha boma ku Kasungu lero. Akayeze BP ndi shuga, ufunse ngati angawatumize ku Kamuzu Central kukajambula mutu ndi CT. Usawapatse aspirin mwa iwe wekha, sitiroko ina ndi yotaya magazi mu ubongo. Akamatsamwa pomwa madzi usawakakamize, ukanene kuchipatala.

Fizio wa pa Boma: Pakadali pano kapu ikhale yapulasitiki yokhala ndi chogwirira, tiyi wofunda, theka lokha. Mbale ziziikidwa malo amodzimodzi tsiku lililonse. Ayambe ayang'anitsitsa chinthucho, kenako dzanja liyende chokhwekhwereza patebulo mpaka lichikhudze. Mbaula, chikwanje ndi njinga ayambe asiya.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Achimwene ayankha kuti atumiza mwezi ukatha, alamu akwiya kuti ndaika nkhani pagulu. Magalasi a prism aja amagulitsa zingati?

Fizio wa pa Boma: Mayi, dzanja liti? Zinayamba liti?