Kodi kukhululukira msonkho kumakokadi mafakitale kumadera otsalira?

Mfunseni:
Akuluakulu, ndithandizeni. Boma likafuna kuti makampani akatsegule mafakitale kumadera otsalira pa chitukuko, kawirikawiri limalonjeza zaka 5 kapena 10 zosalipira msonkho wa phindu. Kodi njirayi imathandizadi? Ngati ayi, choyambirira n'chiyani?

Wazamsonkho:
Imathandiza pang'ono chabe, a Mfunseni. Fakitale yatsopano zaka zoyamba imakhala ikubweza ngongole ndi ndalama zogulira makina, phindu lisanayambe kuoneka. Mukaikhululukira msonkho wa phindu pa zaka zomwe phindulo palibe, mwaipatsa chiyani? Opindula kwambiri ndi a ntchito zobweza ndalama msanga, monga osoka zovala, ndipo amenewa makina awo sachedwa kulowa m'kontena zaka zaulere zikatha.

Palinso mgwirizano wa mayiko wa 2021 woti makampani akuluakulu, opeza mayuro 750 miliyoni kapena kuposa pachaka, azilipira msonkho wosachepera 15 peresenti. Inu mukawakhululukira, dziko lomwe kuli likulu lawo likhoza kutolera ndalamazo. Zothandiza kuposa pamenepo ndi izi: kuchotsa msonkho wa pachipata pa makina, kulola kampani kuchotsera msanga mtengo wa makinawo pa msonkho, ndi kubweza VAT nthawi yake. Apa boma limataya ndalama pokhapokha makina afikadi.

Injiniya_M:
Ndikugwirizana nawo a Wazamsonkho, koma tiyambe ndi zapansi. Mwini fakitale amafunsa kaye ngati magetsi sathimathima, chifukwa akathima pulasitiki kapena chitsulo chosungunuka chili m'makina, chimaumira momwemo ndipo tsiku latha ndi kugoba. Kuyendetsa fakitale pa jenereta ya dizilo kumadya zonse zomwe msonkho unapulumutsa. Akatero amafunsa masiku amene kontena imatenga kukafika kudoko, ndiye madzi ndi kotayira madzi oipa. Za malo musazipeputse: eni ake alipidwe kaye, mapepala akhale oyera, malire aikidwe. Banki sibwereketsa ndalama pa malo a mkangano.

Cholakwika chachikulu n'kusankha dera chifukwa cha ndale. Italy inakhazikitsa thumba la ndalama za chitukuko lotchedwa Cassa per il Mezzogiorno mu 1950 kuti itukule kummwera kwa dzikolo. Misewu ndi madzi zinathandiza, koma mafakitale ena aakulu anangoima okhaokha, osagula kanthu kwa amalonda oyandikana nawo. Ku Gioia Tauro, kummwera komweko, anagwetsa minda ya zipatso kuti amange fakitale ya zitsulo, fakitaleyo osamangidwa, ndipo doko lake linadzapeza ntchito ya makontena m'zaka za m'ma 1990. Shenzhen ya ku China, yomwe anthu amakonda kuitchula, inasankhidwa mu 1980 kukhala dera lapadera lokopa mafakitale ili pakhomo pa Hong Kong, pomwe panali kale ndalama, doko ndi ogula. Simungaikopere n'kukaiika kutali ndi msika.

Mfunseni:
Nanga boma lingadziteteze bwanji kwa odzangodya thandizo n'kuthawa?

Mlembi_wa_Mapangano:
Yankho lili m'pangano, a Mfunseni. Thandizo lisaperekedwe lonse pachiyambi. Ligawidwe: gawo lina makina akaikidwa, lina antchito akalembedwa, lomaliza ntchitozo zikakhalapobe patatha zaka zitatu kapena zisanu. Antchito awerengedwe kuchokera m'kaundula wa malipiro ndi msonkho, osati m'kalata ya kampani, ndipo aganyu omanga asalowe m'chiwerengerocho. Mulembenso kuti kampani ikatseka nthawi isanakwane ibweze ndalama, ndipo chikole chikhale ku banki. Malo abwereketsedwe, asagulitsidwe, ndipo akapanda kumangapo m'miyezi 24 abwerere kuboma.

Ku South Africa, nthawi ya tsankho, boma linkalipira makampani malinga ndi chiwerengero cha antchito kumadera ngati Dimbaza. Thandizolo litadulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mafakitale ambiri anatseka, chifukwa chinawabweretsa chinali thandizo lokhalo. Brazil inasankha kusaleka: dera lapadera la mafakitale la mumzinda wa Manaus linayamba mu 1967 ndipo mwayi wake wa msonkho anautalikitsa mpaka 2073. Ntchito zilipo, koma dziko likulipirabe.

Injiniya_M:
Kuwonjezerapo, muike nyumba ndi mabasi a antchito m'pulani yoyamba. Ku Hawassa, ku Ethiopia, komwe anatsegula malo a mafakitale a zovala mu 2016, antchito ambiri ankasiya ntchito msanga chifukwa lendi inkadya gawo lalikulu la malipiro awo ochepawo, ndiye makampani ankangokhalira kuphunzitsa atsopano.