Kodi tipalitse matabwa apansi kapena tigule matailosi?

Mayi a ku Kalongwezi: Abale anga, ndikupempha nzeru. Pansi pa nyumba yathu pali timatabwa tija ta parquet, koma tinada chifukwa cha polishi wa zaka zambiri, ndipo tina ta pakhomo tayamba kuzuka. Bambo a kunyumba akufuna kuchotsa tonse kuti aike matailosi, pamene ine mtima wanga uli pa kugula vanishi ndi kulipira mmisiri wa makina opalira. Kodi ndalamayo siingapite pachabe?

Kalipentala wa ku Kapata: Mayi, musafulumire kuzula. Nyumba zambiri zakale za m'matauni a Zambia anaziyala ndi mukusi, mtengo wofiirira wa kumadzulo kwa dziko lino, umene ndi wolimba kwambiri moti kale ankapangira mitanda ya njanji. Ngati anu ndi a mukusi kapena mlombwa, kudako kuli pamwamba pokha. Makina amayamba ndi sandipepa yokhakhala ya nambala 40 kuti ichotse polishi yense, chifukwa vanishi sagwira pa thabwa lamafuta, kenako amasalaza ndi ya 80 ndi ya 120, ndipo pamapeto pake mumapaka vanishi kawiri kapena katatu, kudikira kuti aume musanabwereze. Timatabwa tozukato n'tosavuta kumatanso, malinga ngati simunatitaye.

Bambo a ku Katete: Ine ndikugwirizana ndi amuna anu, mayi. Pakhomo pamene pali ana, ndiponso pamene anthu anazolowera kukolopa ndi madzi ambiri m'mawa uliwonse, matabwa sakhalitsa. Vanishi amakalika ndi mchenga wa kunsapato, ndipo pakapita zaka mudzafunanso mmisiri, pamene matailosi mukaika mwaika.

Mphunzitsi wa ku Mchini: Bambo, matailosi nawonso amasweka, ndipo limodzi likang'aluka mumavutika kupeza lofanana nalo chifukwa m'masitolo mitundu imasinthasintha. Muwerengerenso simenti, guluu, ganyu yozula ndi yopala phula limene anamatira timatabwato kale, musamangoona mtengo wa bokosi lokha. Komanso mu June ndi July, kuno kukazizira, mwana wokwawa amamva bwino pa thabwa kusiyana ndi pa tailosi.

Bambo a ku Katete: Za kuzizirazo ndavomera, koma nanga chiswe?

Kalipentala wa ku Kapata: Funso limeneli ndiye lofunika kuyamba nalo. Mayi, zulani timatabwa tingapo ta m'mbali mwa khoma, muone ngati pansi pali dothi la chiswe kapena ngati simenti ikunyowa. Mukusi weniweni chiswe sichiudya msanga, koma chinyontho chochokera pansi chimafufumitsa thabwa lililonse, ndipo pamenepo vanishi, ngakhale wodula chotani, sangathandize. Zikakhala choncho inenso ndingakuuzeni kuti gulani matailosi. Ngati pansi ndi pouma, palitsani, koma ntchitoyo ichitike m'chilimwe mvula ya November isanayambe, kuti vanishi aume bwino mawindo ali otsegula.

Mayi a ku Kalongwezi: Zikomo kwambiri nonse. Mawa tizula ta pakhomo paja pamodzi ndi bambo kuti tione simentiyo, ndipo ikakhala youma ndidzafunsa amisiri awiri kapena atatu mtengo wa pabalaza pokha, zipinda zogona zidikire.